Pisitolo yanga yang'aluka waranti isanathe: ndiyambire pati?

Bambo Mbewe, Chigumula

Moni nonse a pa gulu lino, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masiku angapo, ndipo ndikupempha nzeru kwa amene anakumanapo ndi zotere. Ndili ndi pisitolo ya 9mm yopangidwa ku Ulaya, imene ndinagula yatsopano miyezi 14 yapitayo kwa wogulitsa wovomerezeka wa ku Johannesburg. Njira zonse ndinatsata: chilolezo cholowetsera mfuti m'dziko muno ndinatenga, ku polisi inalembedwa m'kaundula, ndipo laisensi ya chaka chino ndinalipira kale. Ndinaigula chifukwa cha famu yanga ya nkhuku, pakuti akuba anatithyolera kawiri m'chaka chimodzi, ndipo ulendo wachiwiriwo anamanga mlonda wathu ndi waya n'kumusiya m'khola mpaka m'mawa.

Loweruka lapitali ndinapita kukayeserera kuwombera pa malo amene timaloledwa. Nditawombera zipolopolo pafupifupi 30, chitsulo cha pamwamba chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira, chija timachitchula kuti slide, chinayamba kulimba osabwerera bwino m'malo mwake. Ndinasiya pomwepo, ndinachotsa magazini ya zipolopolo n'kutsimikiza kuti m'kati mulibe kanthu. Madzulo ndikuipukuta pa tebulo, kansalu kanakodwa penapake, ndipo nditawalitsa tochi ndinaona mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, kutalika kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kuyambira pa ngodya ya bowo lotulukira makoko a zipolopolo kutsikira m'munsi. Kabuku kamene kanabwera m'bokosi kakunena kuti waranti, lonjezo la kampani lokonza zolakwika zake, ndi ya zaka ziwiri. Kodi ndiyambire pati, popeza wogulitsa ali kunja, fakitale ili kutsidya la nyanja, ndipo mfuti si wailesi yoti munthu angaipatsire dalaivala wa basi?

Bambo Banda, Ndirande

Pepani kwambiri achimwene. Ine maganizo anga ndi akuti musadzivutitse ndi za kunja, chifukwa ndalama za mayendedwe zokha zikhoza kuposa mtengo wa chitsulocho. Kuno ku Ndirande kuli amisiri owotcherera amene amalumikiza ngakhale zitsulo za pansi pa malole, ndipo mng'alu waung'ono ngati umenewo angautseke tsiku limodzi n'kupalapo bwinobwino osaonekanso.

Bambo Chisale, Nyambadwe

A Banda, ndikudziwa kuti mwalankhula pofuna kuthandiza mnzanu, koma ndikupemphani kuti malangizo amenewo tiwachotse pa gulu pano. Ine ndinagwira ntchito yosunga ndi kusamala mfuti kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo zimene ndikunena ndinaziona ndi maso. Slide si chitsulo wamba. Ku fakitale amachiumitsa ndi moto woyezedwa bwino kuti chikhale cholimba koma chosagamphuka, ndipo moto wa wowotcherera ukangofikapo, kulimba kuja kumasokonekera kuzungulira malo onsewo. Kunja kudzaoneka kosalala, koma tsiku lina mfuti ikadzalira chitsulocho chikhoza kuduka, ndipo chidutswa cha kumbuyo chimalunjika kumaso kwa amene wagwira mfutiyo. Chachiwiri, makampani ambiri amalemba poyera kuti munthu wosavomerezeka akangokhudza mfuti, waranti yathera pomwepo. Chachitatu, ndipo ichi n'chachikulu, laisensi ili m'dzina la a Mbewe okha. Kusiya mfuti m'manja mwa munthu wopanda chilolezo, ngakhale kwa maola awiri, ndi mlandu pansi pa lamulo la Firearms Act, ndipo mlanduwo ungagwere onse awiri.

A Mbewe, mfutiyo musaiwombenso ngakhale kamodzi. Itsekereni mu sefa ilibe chipolopolo, ndipo musapale, musakhule kapena kuthira chilichonse pa mng'alupo. Ndili ndi mafunso awiri. Mukachotsa mpope wodutsa chipolopolo n'kuyang'ana m'kati mwake moloza kowala, kodi mukuona mzere wakuda wozungulira ngati mphete, kapena mukausisita kunja ndi zala mukumva potupa? Nanga zipolopolo zimene munawombera tsiku limenelo zinachokera kuti?

Bambo Banda, Ndirande

Ndamva bambo, ndipo ndavomereza kuti ndinalankhula za chinthu chimene sindichidziwa bwino. Ndabweza mawu anga.

Bambo Mbewe, Chigumula

Zikomo a Chisale. Mpope ndauyang'ana katatu, m'mawa pa dzuwa komanso ndi tochi, ndipo ndi wosalala kuyambira kumbuyo mpaka kukamwa, palibe mphete kapena potupa. Funso la zipolopolo ndilo landikhudza, ndipo ndinena zoona. Zambiri zinali za m'bokosi limene ndinagula pamodzi ndi mfutiyo, koma zisanu ndi zitatu zomaliza zinali zakale, zimene ndinapatsidwa ndi mnzanga amenenso ali ndi laisensi ya 9mm, atanena kuti zakhalitsa mu sefa mwake. Zinalibe bokosi lake, zinali m'kachitini, ndipo zina mkuwa wake unali utada. Zinalira monga mwa nthawi zonse, sindinamve kusiyana kulikonse.

Bambo Mwale, Limbe

Apa ndiye pali nkhani. Ine ndinganene kuti za zipolopolo za m'kachitinizo muzisunge mumtima, a Mbewe. Mukangozitchula m'kalata, mwawapatsa chifukwa chokanira, ndipo makampani amafunafuna chifukwa chotere. Mpope uli bwino, ndiye kuti vuto ndi chitsulo chawo. Lembani kuti munagwiritsa ntchito zipolopolo za ku fakitale basi, zina zonse adzipezere okha.

Bambo Chisale, Nyambadwe

A Mwale, pamenepa sindigwirizana nanu, ndipo ndifotokoza chifukwa chake mwatsatanetsatane, pakuti nkhani yonse yagona pomwepa.

Waranti imalonjeza chinthu chimodzi: kuti ngati cholakwika chinachokera ku chitsulo kapena ku kapangidwe, kampani idzakonza kapena kusintha. Siilonjeza kukonza zimene zawonongeka chifukwa cha kugwetsa, dzimbiri la nthawi ya mvula, kusapukuta, kapena zipolopolo zosayenera. Pa zipolopolo, zimene makampani amakana kwambiri ndi zodzazidwanso pamanja, zija munthu amatola makoko akale n'kuikamonso onga, chifukwa palibe amene angatsimikize kuti ongawo unayezedwa bwino. Makampani ena amachenjezanso za zipolopolo zolembedwa +P, zimene mphamvu yake imaposa ya masiku onse. Koma chipolopolo chakale cha ku fakitale sichofanana ndi chodzazidwanso. Kukhalitsa kokha si mlandu.

Tsono amisiri a ku fakitale akalandira mfuti sawerenga kalata yokha, amawerenga chitsulo. Mng'alu wobwera ndi kuphulika kumodzi kwamphamvu umasiya zizindikiro zake, ndipo kawirikawiri umawononganso zinthu zina zapafupi. Mng'alu woyamba pang'onopang'ono kuchokera pa chilema cha m'kati mwa chitsulo, kapena pa ngodya yosemedwa mothwa kwambiri, umasiya timizere tosonyeza kuti unkakula tsiku ndi tsiku, ndipo pa galasi lokulitsa zimenezi zimaoneka poyera. Ngati chitsulo chikunena china, kalata ikunena china, munthu amataya chikhulupiriro chonse, ndipo ngakhale pamene akanamuchitira chifundo amamutsekera khomo. Koma ngati walemba zonse, iwo eni akaona kuti mpope ndi wabwino ndipo mng'alu ndi wakalekale, zipolopolo zisanu ndi zitatuzo sizikhalanso nkhani.

Palinso china chimene chili kumbali ya a Mbewe. Maiko ambiri opanga mfuti ku Ulaya, monga Austria, Belgium, Germany, Italy ndi Czech Republic, ali m'bungwe la C.I.P., ndipo kumeneko mfuti iliyonse isanagulitsidwe imayesedwa ndi zipolopolo zamphamvu kuposa zamasiku onse, pa pisitolo mphamvuyo imaposa ndi 30 peresenti. Ikapirira amaidinda kachizindikiro pa chitsulo. Yang'anani pa mpope ndi pa slide, mudzatipeza tizizindikiro timeneti. Mfuti imene inapirira mayeso otere siyenera kung'aluka m'miyezi 14 ndi zipolopolo wamba, ndipo mfundo imeneyi ndi yamphamvu kuposa kubisa kulikonse.

A Mbewe, ngati makoko a tsiku limenelo munatola, asungeni onse m'kathumba, makamaka a m'kachitini aja. Pansi pa khoko lililonse pamadindidwa dzina la wopanga, ndipo khoko limene linapsa ndi mphamvu yopitirira limaoneka: limatupa, kapena pansi pake pamaphwatalala. Bokosi la zipolopolo zinazo musalitaye, chifukwa nambala yolembedwa pa chivindikiro chake adzaifuna.

Bambo Mwale, Limbe

Ndamva bambo, ngakhale mtima wanga ukadali ndi mantha kuti chilungamo chimenechi chiwadyetsa ndalama a Mbewe. Koma pa za chitsulo inu ndinu mwini ntchito, ndipo sindingatsutse zimene sindinaphunzire. Ine ndithandize kumbali imene ndimaidziwa, ya kutulutsa ndi kulowetsa katundu.

Mfuti situluka m'dziko muno popanda chilolezo cholembedwa cha ku polisi, kudzera ku ofesi yoona za kaundula wa mfuti, ndipo likulu la apolisi lili ku Area 30 ku Lilongwe. Yambani ndi siteshoni imene munalembetsera kuti akulozereni njira, ndipo pitani ndi kalata yochokera kwa wogulitsa yonena kuti mfutiyo ikukakonzedwa ndipo idzabwerera. Mbali ya South Africa nayonso ili ndi zake. Lamulo lawo ndi Firearms Control Act la chaka cha 2000, ndipo mfuti yolowa kwa kanthawi imafuna chilolezo chimene amafunsira pa fomu ya SAPS 520. Zilolezo ziwirizi zikhale m'manja mfuti isananyamuke, osati munthu ali kale pa chipata cha Mwanza kapena pa bwalo la ndege la Chileka. Njira ya pamsewu ndiye musaiganizire n'komwe, chifukwa mudzadutsa Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo dziko lililonse lidzafuna chilolezo chake. Kulimba konseku si kwa Malawi yekha ayi. Maiko a SADC anasainirana pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo mu August 2001, ndipo anasainira mumzinda wathu uno wa Blantyre.

Chinthu chimene anthu ambiri amaiwala ndi MRA. Musanatulutse mfutiyo, ilembetseni kuti ikutuluka kwa kanthawi kukakonzedwa, nambala yake ilembedwe pa pepala. Mukapanda kutero, pobwerera adzaiona ngati katundu watsopano ndipo mudzafunsidwa msonkho kachiwiri pa chinthu chanu chomwe. Makampani ambiri otumiza maphukusi mwachangu salandira mfuti, ena salandira ngakhale zipangizo zake, choncho funsani kaye musanalonjeze wogulitsa tsiku.

Mayi Nangozo, Namiwawa

Moni a Mbewe, moni akuluakulu. Ine ndimagwira ntchito yogula katundu pa kampani ina ya alonda, ndipo zaka zapitazo tinakumana ndi vuto longa lomweli pa mfuti zathu ziwiri. Zimene tinaphunzira ndi zakuti kulembera fakitale mwachindunji kumangotaya nthawi, chifukwa yankho lawo limakhala lakuti bwererani kwa amene anakugulitsani, iyeyo alankhule ndi amene amaimira kampaniyo m'dziko limene mfuti inagulidwa. Waranti imayenda mu njira imene katundu anadzera. Choncho kalata yoyamba ipite kwa wogulitsa wa ku Johannesburg uja, pa imelo osati pa foni, kuti tsiku limene mwadandaula likhale lolembedwa. Izi n'zofunika chifukwa miyezi 10 imene yatsala ikhoza kuthera m'mapepala a zilolezo, koma ngati dandaulo linalowa waranti isanathe, muli ndi poimira.

M'kalatamo muikemo chithunzi cha lisiti, cha laisensi, cha chilolezo cholowetsera, cha nambala ya mfuti, ndi zithunzi za mng'alu zojambulidwa masana mutaika lula kapena ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke. Mulembenso chiwerengero cha zipolopolo zimene mfutiyo yawombera chigulireni, ngakhale mongoyerekeza. Ndipo pa za kachitini kaja ndili mbali ya a Chisale.

Funso limene ndikufuna mulifunse mosazengereza ndi ili: kodi angavomere kuweruza ndi zithunzi, n'kutumiza slide yatsopano m'malo moti mfuti yonse ipite? Ife pa mfuti imodzi anavomera, pa inayo anakana. Komanso afunseni kuti ndalama za mayendedwe alipira ndani, chifukwa mawaranti ambiri amalipira chipangizo ndi ntchito ya mmisiri, koma kunyamula, inshuwalansi ndi zilolezo zimakhala za mwini katundu. Ndi mmene kwacha inatsikira ndi 44 peresenti mu November 2023, komanso mmene ndalama zakunja zikuvutira ku mabanki, chilichonse cholipira mu ma rand muchiwerengere musanayambe ulendo.

Bambo Chisale, Nyambadwe

Mayi Nangozo anena zanzeru, koma ndiwonjezere chenjezo pa njira yotumiza chipangizo chokhacho. Pisitolo zambiri za ku Ulaya nambala imadindidwa malo atatu: pa thupi la mfuti, pa slide ndi pa mpope. A Mbewe ayang'ane yawo. Ngati slide ili ndi nambala, yatsopanoyo ikhoza kubwera ndi nambala ina kapena yopanda nambala, ndipo tsiku limene wapolisi adzayendera mfutiyo adzapeza kuti zolembedwa m'kaundula ndi zimene zili pa chitsulo zasiyana. Munthu wosalakwa akhoza kuvutika kufotokoza. Choncho ngakhale chipangizo chokha chifunika kuti apolisi adziwe chisanabwere, kalata ya kampani yofotokoza kusinthako isungidwe pamodzi ndi laisensi, ndipo chitsulo chong'alukacho chisatayidwe kudzala kapena kugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, koma chiperekedwe mmene apolisi ndi kampani anganenere. Kampani ikaganiza zosintha mfuti yonse, nkhani imakula, chifukwa imeneyo ndi mfuti ina yokhala ndi nambala ina, yofunika chilolezo chake kuyambira pachiyambi, ndipo yakaleyo iyenera kufufutidwa m'dzina lanu.

Komanso si pisitolo iliyonse imene slide yatsopano imangolowa. Mitundu ina imafuna mmisiri wovomerezeka kuti aone ngati mpope ndi slide zikukumana bwino, kenaka aiyese kuwombera asanaibweze kwa mwini wake.

Mayi Naphiri, Sunnyside

Ndiyankhepo pa za ufulu wa wogula, popeza wina wandifunsa kumbali ngati a Mbewe angakadandaule ku mabungwe oteteza ogula a CFTC kapena CAMA. Kuno kwathu tili ndi lamulo la Consumer Protection Act la 2003, ndipo mabungwe amenewa amathandiza pamene wogulitsa akuchita malonda m'dziko muno. Koma malonda awa anachitikira ku Johannesburg, ndiye lamulo limene likukhudza wogulitsayo ndi la kumeneko, Consumer Protection Act la 2008. Lamulolo limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wolakwika n'kusankha yekha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Miyezi imeneyo inadutsa kale, choncho chimene chatsala m'manja mwa a Mbewe ndi lonjezo la kampani la m'kabuku kaja. N'chifukwa chake mawu a m'kabukumo ayenera kuwerengedwa mzere ndi mzere, makamaka ngati akunena kuti waranti imagwira m'dziko limene katundu anagulidwa lokha, komanso ngati panafunika kulembetsa mfutiyo ku kampani mutangogula. Chimodzi chimene lamulo la ku South Africa lidzawathandize nacho ndi ichi: ntchito ikakachitikira kumeneko, chipangizo chimene chaikidwa pokonza chimakhala ndi waranti yake ya miyezi itatu, choncho adzatenge pepala losonyeza tsiku limene ntchitoyo inatha.

Bambo Banda, Ndirande

Ine nkhawa yanga yatsala pa famu. Miyezi yonse imene mfuti ili pa ulendo, achimwene akhala bwanji ku Chigumula usiku? Ndipo ndichenjeze, popeza ndaphunzirapo lero, kuti asabwereke mfuti ya mnzawo uja, chifukwa laisensi ya munthu wina siingawateteze.

Mayi Nangozo, Namiwawa

Mwanena zoona a Banda. Kwa miyezi imeneyo ndi bwino kuwonjezera mlonda wachiwiri, kuika magetsi a sola kuzungulira makola, ndi kulumikizana ndi gulu la chitetezo cha m'dera. Komanso nkhani yakuti mfuti yawonongeka isatuluke pa gulu lino kupita kwa antchito a pa famu.

Bambo Mbewe, Chigumula

Akuluakulu, ndabweranso patatha masiku asanu ndi anayi kuti ndikuuzeni pamene zafika. Makoko ndinawapeza 26 m'thumba la jekete limene ndinavala tsiku lija, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo ndi a m'kachitini. A Chisale anandilola kukawaona kwawo ku Nyambadwe nditanyamula makoko okha ndi zithunzi, mfuti nditaisiya mu sefa. Anawaika pa mbale yoyera n'kuwatembenuza limodzi limodzi pansi pa galasi lawo lowerengera, ndipo anapeza kuti onse ndi a ku fakitale, palibe lotupa kapena lophwatalala. Anandionetsanso pa chithunzi kuti chiyambi cha mng'alu n'chakuda pamene mapeto ake akuwala, kusonyeza kuti unayamba kale, mafuta ndi utsi n'kumalowamo ine osadziwa.

Kalata ndinalemba monga anandilangizira Mayi Nangozo, ndipo za zipolopolo za mnzanga ndinazilemba momveka, pamodzi ndi zithunzi za makoko ake. A Mwale, ndikuvomereza kuti dzanja linazengereza pa ndime imeneyo, koma ndinaitumiza. Wogulitsa anayankha patatha masiku anayi, anandipatsa nambala ya dandaulo, ndipo anati oimira kampani aona zithunzi ndipo sakukana kuti likhoza kukhala vuto la chitsulo, koma sangaweruze asanaigwire mfutiyo m'manja. Kutumiza slide yokha akana, chifukwa ili ndi nambala yofanana ndi ya pa thupi ndi pa mpope, monga ananenera a Chisale. Avomera kuti tsiku la dandaulo ndi limene liwerengedwe pa waranti, ndipo zimenezi zalembedwa. Mayendedwe opita ndi zilolezo ndi zanga, koma akuti vuto likapezeka kuti ndi lawo, ulendo wobwerera alipira okha.

Dzulo ndinapita ku siteshoni ndi kalata yawoyo, ndipo andiuza mapepala oti ndisonkhanitse kuti pempho lipite ku Lilongwe. Mlonda wachiwiri wayamba ntchito Lolemba. A Mwale, ngati mpata ulipo Lachinayi m'mawa, ndifika ku ofesi kwanu ku Limbe kuti tiwerengere limodzi mtengo wonyamulira pa ndege kuchokera ku Chileka ndi za pepala la MRA lija.

Bambo Mwale, Limbe

Bwerani 9 koloko, a Mbewe. Mutenge lisiti lenileni osati chithunzi chake, laisensi, chilolezo chimene munalowetsera mfutiyo, pepala la msonkho umene munalipira nthawi imene ija, ndi kalata ya wogulitsa yokhala ndi nambala ya dandaulo. Mfutiyo ikhale kunyumba mu sefa mpaka zilolezo zonse ziwiri zitatuluka.